Makanema oputa mkangano: kodi amayendetsadi malonda? Mafunso ndi mayankho kwa ageni a ku Mulanje ndi Thyolo

Masiku ano aliyense amene ali ndi foni yojambula wasanduka wotsatsa malonda. Mwini saluni pa Chitakale, mnyamata wa chiwaya pa Luchenza, mayi wa kaunjika pa Limbuli, olondolera alendo pa Likhubula, onsewa anamvapo kuti njira yachidule yotchukira ndi kuponya kakanema koputa anthu kuti akwiye, atukwane, kenaka atumizirane. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera nkhaniyi ikayambika. Maganizo anga sindinawabise. Pomwe pakhudza malamulo ndatchula lamulo lake, koma mlandu ukakupezani kaonaneni ndi loya.

Tikamati kanema woputa mkangano tikunena chiyani?

Tikunena kanema wojambulidwa dala kuti anthu apse mtima kapena agawikane, dzina la bizinesi n'kuyenda limodzi ndi phokosolo. Mitundu yake mwaionapo. Ndewu yopeka ya mayi wapanyumba ndi chibwenzi cha bambo mkati mwa saluni, kamera itaima pomwe chikwangwani chikuoneka bwino. Wogulitsa zovala kunena kuti akazi a dera lakuti sadziwa kutchena. Kunamizira kuti wina wamwalira kapena wamangidwa, mawa lake n'kutulukira akuseka, katundu ali m'manja. Kunyoza katundu wa mnzako wa benchi loyandikana nalo. Zonsezi zimafanana pamodzi: mkwiyo umatsogola, katundu amatsatira m'mbuyo.

Kanema wongoseketsa sali m'gulu limeneli, ngakhale afale chotani.

N'chifukwa chiyani makanema otere amafala msanga chonchi?

Munthu akakwiya sakhala chete. Amalemba ndemanga, amatumizira mnzake kuti "taonani izi", mnzakeyo amayankha, wachitatu amabwera kudzatsutsa. Makina a Facebook ndi TikTok amene amasankha zoti muone amatenga zonsezi ngati umboni woti kanemayo ndi wokopa, ndiye amamukankhira kwa anthu enanso. Wotukwana ndi woyamikira onse amawerengedwa.

Izi si zongoganizira. Zikalata zamkati mwa Facebook zimene Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku kampaniyo, anaulula mu 2021 zinaonetsa kuti kuyambira mu 2017 kampaniyo inkapatsa tinkhope tija timadina pansi pa nkhani, kuphatikizapo kokwiya kaja, mphamvu kasanu kuposa kulaika wamba. Anadzachepetsa mphamvu ya kankhope kokwiyako ataona kuti kakukweza nkhani zabodza ndi zachidani. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya MIT ku America, atasanthula nkhani pafupifupi 126,000 za pa Twitter, anapeza kuti mwayi woti nkhani yabodza itumizidwenso unkaposa wa nkhani yoona ndi 70 peresenti.

Kwathu kuno msewu waukulu ndi WhatsApp, ndipo kumeneko kulibe makina osankha, osankha ndi anthu eni ake. Gulu la mpingo, la banki m'khonde, la makolo a kusukulu, la akabaza, la anthu a mudzi umodzi okhala ku Joni. Kanema akalowa m'magulu amenewa watuluka m'manja mwanu. Mukhoza kumuchotsa pa tsamba lanu, koma ali kale m'mafoni mazanamazana.

Ndiye ngati wafala, si ndiye kuti malonda ayenda?

Apa ndi pomwe ambiri amasocherera. Dzifunseni mafunso awiri: oonera ali kuti, nanga ogula ali kuti?

Tiyerekeze mayi wogulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu wa ku Muloza. Kanema wake wonyoza akhoza kuonedwa ndi anthu zikwizikwi ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Johannesburg. Mwa onsewo palibe amene akwere minibasi kudzagula chinanazi. Amene amagula tsiku ndi tsiku ndi aphunzitsi, anamwino, madalaivala odutsa msewu womwewo, antchito a m'maesiteti a tiyi tsiku la malipiro. Amenewa amamudziwa nkhope, amadziwa kwawo, ena amapemphera limodzi ndi amayi ake. Akutali aja amaseka mphindi imodzi n'kupita pa kanema wina. Apafupiwa saiwala. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chiwerengero cha oonera chili pachala.

Komanso geni ya kuno imayenda ndi kukhulupirirana kuposa mmene timaganizira. Wopikulitsa wa ku Limbe amakupatsani katundu kuti mudzalipire mukagulitsa. Anzanu a banki m'khonde amakubwerekani mpamba chifukwa amakuonani kuti ndinu munthu wolongosoka. Mwini nyumba amakudikirani lendi ikachedwa. Wapampando wa msika amakusungirani malo mukadwala. Palibe chimodzi mwa izi cholembedwa pa pepala, zonse zakhazikika pa mbiri yanu. Kanema mmodzi woonetsa kuti mukhoza kunama kapena kunyoza munthu kuti mutchuke amagwedeza zonsezi nthawi imodzi, ndipo palibe amene adzakuuzeni. Mudzangoona kuti wopikulitsa uja wayamba kufuna ndalama yonse pompopompo.

Wina anena kuti, "Ine ndimagulitsa kutali, ndimatumiza tiyi, uchi ndi makadamiya pa basi." Zoona, kwa inu oonera a ku Lilongwe ali ndi ntchito. Koma taganizani mmene amagulira. Amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba asanaone katundu, kwa munthu woti sanakumanepo naye. Ngati chimene akukudziwirani ndi kanema wabodza, ndalamayo aitumiza bwanji?

Koma paja amati kutchuka n'kutchuka basi, kaya mbiriyo ndi yoipa?

Muli choona pang'ono m'mawu amenewa, ndipo sindichibisa. Mu 2010 ofufuza atatu a ku America, Jonah Berger, Alan Sorensen ndi Scott Rasmussen, anaunika mabuku amene nyuzipepala ya New York Times inawalembera ndemanga. Anapeza kuti ndemanga yoipa inkakweza malonda a mabuku a alembi osadziwika ndi 45 peresenti, pomwe a alembi odziwika kale ankatsika ndi 15 peresenti. Chifukwa chake n'chakuti pakapita nthawi anthu amaiwala zoipa zija, n'kutsala ndi dzina lokha.

Tsono onani bwino. Phindulo linali la osadziwika. Inu pa Bvumbwe kapena pa Chitakale si inu osadziwika. Muli m'gulu lachiwiri lija, la amene ali ndi mbiri yoti ingaonongeke. Ndiponso ndemangazo zinkanena kuti buku silinalembedwe bwino, sizinkanena kuti mlembi ananyoza anthu olumala kapena ananamizira maliro. Kuipa kwa katundu anthu amakhululuka. Kuipa kwa khalidwe kumakhalitsa.

Makampani akuluakulu amachita zimenezi. Ife chatilakwira n'chiyani?

Amachitadi, ndipo ena zimawayendera. Mu September 2018 Nike inatsatsa malonda ndi nkhope ya Colin Kaepernick, wosewera mpira wa ku America amene ankagwada nyimbo ya fuko ikamaimbidwa, potsutsa nkhanza za apolisi kwa anthu akuda. Ena anawotcha nsapato zawo za Nike n'kudzijambula, koma malonda a kampaniyo anakwera. Nike inali itawerengera kale. Inkadziwa kuti ogula ake ambiri ndi achinyamata a m'matauni omwe akugwirizana naye, ndipo inali yokonzeka kutaya enawo. Inuyo mungakwanitse kutaya theka la msika wa Limbuli?

Ambiri zinawavuta. Mu 2011 Nando's, kampani ya malesitilanti a nkhuku yodziwika ndi malonda a nthabwala, inatulutsa kanema wa munthu wofanana ndi Robert Mugabe ali yekha pa tebulo, akukumbukira anzake olamulira mwankhanza amene anapita. Anthu anaseka, koma kampaniyo inamuchotsa antchito ake a ku Zimbabwe ataopsezedwa. Mu April 2017 Pepsi inachotsa kanema wa Kendall Jenner, mtsikana wotchuka wa ku America, patangotha tsiku limodzi, anthu atadandaula kuti akuseweretsa zionetsero za anthu ovutika. Mu January 2018 mashopu a H&M ku South Africa anaphwanyidwa chifukwa cha chithunzi cha mwana wakuda atavala juzi lokhala ndi mawu omutcha nyani. Mu September 2020 mashopu a Clicks m'dziko lomwelo anatsekedwa zionetsero zitabuka chifukwa cha zithunzi za TRESemmé zonyoza tsitsi la anthu akuda, ndipo mankhwala a tsitsiwo anachotsedwa m'mashelefu.

Makampani onsewa adakalipo chifukwa ali ndi maloya, inshuwalansi ndi mashopu m'maiko ambiri. Okala yanu ndi imodzi, ndipo nkhope ya kampani ndi yanu yomweyo. Onaninso kuti ku Zimbabwe amene anaopsezedwa sanali opanga kanemayo, anali operekera zakudya. Kwa inu ameneyo ndi mtsikana wanu wa pa kauntala.

Pali nkhani zoti osaziyandikira n'komwe?

Zilipo, ndipo anthu a Mulanje safunika kuuzidwa kawiri. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinawanda ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya powaganizira kuti ndi opopa magazi, misewu inkatchingidwa usiku, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe kwa kanthawi. Malo ogona alendo ndi onyamula katundu wa okwera phiri anaona okha mmene alendo anasowera. Panalibe umboni uliwonse, anali mawu chabe oyenda pakamwa ndi pafoni. Amene angajambule "nthabwala" ya anamapopa kuti agulitse matochi kapena maloko akuseweretsa miyoyo ya anthu, ndipo woyamba kuvulala akhoza kukhala mlendo wosalakwa amene wangotsika basi madzulo.

Chimodzimodzi ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Agogo ambiri m'dziko muno avulazidwa ndi mawu oyamba ngati nthabwala. Abale athu achialubino, amene akhala mwamantha kwa zaka zambiri, si oseketsa nawo. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anasiya manda atsopano ndi anthu osapezeka mpaka lero m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, choncho matope ndi misasa ya othawa madzi si malo ojambulira malonda.

Ndale, mitundu ndi zipembedzo ndaziika pomaliza chifukwa si zoletsedwa kukamba, koma pa geni n'zotayitsa. Shuga amagulidwa ndi wa nsalu ya chipani chilichonse. Mlomwe, Myao, Mmang'anja ndi mlendo wochokera ku Milange onse amadya chipisi chimodzi.

Ndimalondolera alendo kuphiri. Kanema woseka nkhani za mizimu ya ku Sapitwa sangakope azungu?

Akhoza kuonedwa ndi ambiri, koma wokhumudwa woyamba akhala mfumu ya mudzi umene mumadutsamo ndi alendo anu, ndiponso anzanu onyamula katundu amene mumadalira. Ndiye ganizaninso chimene mukugulitsa. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu chinali chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ozungulira phirili. Mlendo amene akufuna kufika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, amafunanso kumva nkhani za Dziwe la Nkhalamba kuchokera kwa munthu wozilemekeza. Mukazinyoza mwatsitsa mtengo wa katundu wanu yemwe.

Wokwera phiri amaika moyo wake m'manja mwanu. Kanema woonetsa kuti mumadziwa nyengo ya chiperoni, mumadziwa nthawi yobwerera, mumayendera limodzi ndi wofooka, ndi amene amabweretsa uthenga wofunsa mtengo. Mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race, gule wa tchopa, khamu la Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu October, zonsezi n'zokopa kale popanda kunyoza aliyense.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Ufulu wolankhula uli m'malamulo aakulu a dziko, koma momwemonso muli ufulu wa munthu wosungiridwa ulemu ndi chinsinsi. Lamulo limene apolisi amagwiritsa ntchito kwambiri pa nkhani za pa intaneti ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Gawo 86 limakamba za kuzunza munthu kudzera pa kompyuta kapena foni, monga kumuopseza kapena kumutumizira zolaula, ndipo chilango chake chimafika K2,000,000 ndi zaka 5 kundende. Gawo 87 ndi la kusowetsa munthu mtendere mwadala ndi mobwerezabwereza, chilango chake K1,000,000 ndi miyezi 12. Malamulo a milandu alinso ndi gawo 60 loletsa kufalitsa nkhani yabodza yotha kudzetsa mantha pakati pa anthu, komanso milandu ya khalidwe losokoneza mtendere ndi kunyoza ulemu wa mayi.

Mu July 2025 khothi linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu ukhale mlandu womangitsa, n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ena anamva ngati tsopano kunyoza kwaloledwa. Ayi ndithu. Wonyozedwayo akhoza kukusumirani kuti mumulipire chipukutamisozi, ndipo ndalama zake zikhoza kuposa mpamba wanu wonse.

Pa zamalonda penipeni, kutsatsa konama n'koletsedwa. Bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu yolipitsa chindapusa. Ogulitsa mankhwala azitsamba, amene amakonda makanema a munthu "wochira pompopompo", akumbukire kuti za mankhwala ndi katsatsidwe kake zili m'manja mwa bungwe la boma la PMRA. Nyimbo ya woimba wina mukaiika pa kanema wamalonda, lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso likukukhudzani, ndipo ofunsa ndi a COSOMA, bungwe loyang'anira lamuloli.

Bwalo la mfumu osaliiwala. Mlandu wambiri wa mtundu uwu sufika kupolisi, umathera kwa anyakwawa ndi nkhuku kapena mbuzi, mudzi wonse ukuonerera.

Ndingajambule makasitomala kapena anthu odutsa osawapempha?

Pemphani. Khamu la pa msika lojambulidwa patali si vuto kwenikweni, koma nkhope ya munthu mmodzi yogwiritsidwa ntchito kutsatsa malonda anu imafuna chilolezo chake. Kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limene woyang'anira wake ndi MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi, ndipo chithunzi chozindikiritsa munthu chili m'gulu la zotetezedwa. Njira yosavuta ndi kumujambula iye mwini akunena kuti walola, n'kusunga kachidutswako. Muuzeni komwe kanemayo akaikidwe. "Ndingojambula pang'ono, amayi" si chilolezo choika munthu pa TikTok.

Pa ana ndiye samalani kwambiri. Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa malamulo, ndipo wolola ndi kholo. Ngakhale kholo litalola, mwana sayenera kunenetsedwa zotukwana kapena zodzinyoza. Tonse tikukumbukira zimene atolankhani a BBC anaulula mu June 2022, za Lu Ke, nzika ya ku China imene inkajambula ana a ku Njewa ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chilankhulo chimene samachimva, makanemawo n'kumagulitsidwa kwawo. Anathawira ku Zambia, anamugwira n'kumubweza, ndipo mu 2023 khothi linamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno. Tinakwiya tonse. Chimene anachitacho sichisanduka chabwino wojambula akakhala Mmalawi.

Wina wandikana ngongole. Ndikamuika pa status kuti anthu amudziwe, si ndiye ndapha mbalame ziwiri, ndalama ibwere ndi shopu itchuke?

Ndalamayo mwina ibwera. Koma aliyense amene anaonapo status imeneyo ndipo amatenga katundu pa ngongole kwa inu waphunzira kuti tsiku lina ikhoza kukhala nkhope yake. Amene amalipira bwino ndi amene amayamba kuchoka, chifukwa ndi amene amasamala ulemu wawo. Pitani kwa wapampando wa msika, kwa mfumu, kapena ku khothi la majisitireti. N'zochedwa, koma mlandu suwola.

Nanga sewero lopeka, loti pamapeto ndiulula kuti zinali zocheza?

Vuto ndi lakuti pamapeto pafika anthu ochepa. Kanema amadulidwa, kachidutswa ka ndewu kokha n'kumayenda m'magulu popanda kuulula kuja. Mtsikana amene anasewera ngati wolanda mwamuna wa mwini adzakhala akulozedwa chala pa mjigo ndi anthu amene sanaone mathero. Mwamulipira zingati kuti asenze zimenezo?

Mu February 2024 wosewera mafilimu wa ku India, Poonam Pandey, analengezedwa kuti wamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, mawa lake n'kutulukira wamoyo kunena kuti amafuna anthu adziwe za matendawa. Cholingacho chinali chomveka, komabe anthu anakwiya kwambiri, ndipo kampani imene inakonza nawo zimenezi inapepesa. Ngati zinavuta pa nkhani ya khansa, pa nkhani ya mawigi zidzatha bwanji?

Sewero palokha si loipa. Amalawi timakonda zisudzo. Lioneke kuti ndi sewero kuyambira pachiyambi, ndipo woseketsa akhale inu mwini kapena katundu wanu.

Ndiye palibe mkangano wabwino?

Ulipo, ndipo ndi umene ndimalimbikitsa. Ndi mkangano wa zinthu, woti anthu akatsutsana amathera kuseka. Tiyi wokoma ndi wa Thyolo kapena wa Mulanje? Chinanazi chimakoma ndi mchere kapena chopanda? Kalongonda amaphikidwa maola angati kuti asaledzeretse, ndipo amene amamudziwa bwino ndi a dera liti? Nandolo wauwisi kapena wouma? Mwini shopu wa Maule kulonjeza kuti Manoma akapambana Lamulungu atsitsa mtengo wa sopo Lolemba, n'kudzajambulidwa akutsitsadi nkhope ili gwa. Ndemanga zimabwera zambirimbiri, makina aja amakankha kanemayo chimodzimodzi, ndipo palibe amene wagona ndi chilonda.

Mukhozanso kuputa ponena choonadi chimene anzanu a geni amabisa. Kuonetsa pa kamera mmene sikelo yobera imagwirira ntchito, kapena mmene mungadziwire uchi wothira shuga, osatchula dzina la munthu. Ena akwiya ndithu. Koma okwiyawo si ogula anu, ndipo ogula amakuonani kuti muli mbali yawo. Musanaponye, muonetseni kanemayo munthu wamkulu amene si mnzanu wocheza naye, monga azakhali kapena mkulu wa mpingo. Funso lomufunsa si lakuti "waseketsa?" koma "alipo amene achite manyazi ndi zimenezi?"

Ndilipire munthu wotchuka pa TikTok kuti andiputire mkangano?

Funsani kaye kuti omutsatira ake ali kuti. Pa foni yake pali malo oonetsa mizinda imene oonera ake amakhala, akuonetseni. Ngati ambiri ali ku Lilongwe ndi kunja pomwe inu mumagulitsa zigege pa Thyolo boma, ndalamayo mwataya. Kumbukiraninso kuti phokoso likabuka, otsatira atsopano amapita kwa iye, matemberero amabwera pa shopu yanu. Mukagwirizana, kanemayo muyambe mwamuona inu asanatuluke, ndipo anene poyera kuti ndi malonda olipidwa.

Ndalama yomweyo ikhoza kugwira ntchito yaikulu pa wailesi ya m'dera, kapena pa Facebook posankha kuti malonda anu aonekere anthu a m'dera lanu lokha. Anthu ambiri a m'midzi yathu alibe foni ya intaneti, ndipo amene ali nayo amaumira bandulo.

Ndaponya kale ndipo zavuta. Nditani?

Chotsani kanemayo lero lomwe, ngakhale mukudziwa kuti ena amusunga. Kumusiya kumaoneka ngati mwano, ndipo pa mlandu wa kuzunza mobwerezabwereza tsiku lililonse limawerengedwa. Kenaka pitani kwa amene mwamulakwira, pamaso, ndi munthu wamkulu wokuperekezani, musanalembe chilichonse pa intaneti. Kupepesa kwa pa Facebook kopanda kufika pakhomo anthu amakuona ngati kanema wachiwiri wamalonda.

Mukamalemba, mawu akhale ochepa: chimene munachita, kuti chinali cholakwa, ndi chimene mwakonza. Zoti "ngati ena akhumudwa" zisiyeni. Zoti "anandibera foni" palibe amakhulupiriranso. Musayankhe ndemanga iliyonse, musatume abale kukamenya nkhondo m'malo mwanu, ndipo musasinthe dzina la tsamba usiku ngati kuti anthu sadziwa shopu ili pati. Wina akakuopsezani kuti akuvulazani kapena awotcha malo anu, sungani uthengawo mukaonetse kupolisi. Antchito anu auzeni choyankha makasitomala akafunsa, chifukwa ofunsidwa kwambiri ndi iwowo.

Mnzanga wa geni wandinyoza mu kanema wake. Ndimubwezere?

Akufuna zomwezo, chifukwa yankho lanu ndi limene lipatse kanema wake moyo wa sabata ina. Sungani umboni. Ngati wanama za katundu wanu, onetsani katunduyo mu kanema wanu osamutchula dzina. Ngati bodzalo lakutayitsani makasitomala, njira za mfumu, CFTC ndi khothi zija zilipo.

Ndidziwa bwanji kuti kanema wandigulitsira katundu?

Osati poona chiwerengero cha oonera. Tengani kope. Kasitomala wachilendo aliyense mufunseni kuti wamva kuti za inu, mulembe. Mu kanemamo ikani mawu oti wobwera nawo mumuchotsera pang'ono, kuti muwerenge obwera chifukwa cha kanemayo. Werengani mauthenga ofunsa mtengo, kenaka muwerenge angati mwa iwo anatumizadi ndalama.

Poyerekeza malonda, yerekezani zofanana. Tsiku la msika ndi tsiku la msika linzake, sabata ya malipiro a kuesiteti ndi sabata ya malipiro inzake. Nyengo ya dzinja tiyi akamathyoledwa kwambiri ndalama imayenda mosiyana ndi mwezi wa June, ndipo alendo okwera phiri amachuluka mvula ikatha. Mukapanda kusamala mudzayamikira kanema pa malonda amene abwera ndi nyengo.

Tsamba lina la kopelo lisungireni makasitomala akale. Lembani maina khumi a amene amagula kawirikawiri, ndipo pakatha mwezi kanema atatuluka muone kuti ndi angati akubwerabe.